Bwana Tidikire: mtengambali amene amakana kuchenjeza anthu m'mafilimu a ngozi

Mayi wina amene amaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya sekondale ku Thyolo wanditumizira imelo yokhala ndi funso lochokera kwa ophunzira ake. Akuti pamene ankakambirana za atengambali m'sewero, mnyamata wina wa Fomu 3 ananena kuti m'mafilimu onse a ngozi amene waonera, kaya ndi a moto, a chivomezi kapena a madzi osefukira, mumapezeka bambo wina wovala suti amene amauzidwa kuti zinthu sizili bwino, koma iye nkukana kuti anthu achenjezedwe. Mayiwa akufuna kudziwa ngati munthu ameneyu ali ndi dzina, ngati ali wa mtundu umodzi kapena ingapo, komanso chifukwa chake olemba mafilimu satopa naye.

Mayi, wophunzira wanuyo ali ndi diso. Munthu amene amachenjeza koma osamveredwa ali nalo kale dzina lakalekale, chifukwa olemba ambiri amamutchula kuti Cassandra, potengera mwana wamkazi wa mfumu ya ku Troy m'nthano za Agiriki, amene ankalosera zoona koma anatembereredwa kuti pasapezeke womukhulupirira. Mnzake wokana chenjezoyu amangomuloza ndi chitsanzo, kunena kuti "uja ali ngati meya wa mu Jaws". Ine ndimamutchula kuti Bwana Tidikire, popeza mawu amene satha pakamwa pake ndi akuti tiyambe taona kaye, tisaopseze anthu. Kuti mtengambali ayenere dzinali ayenera kukhala kuti wauzidwa za ngoziyo momveka, ali ndi mphamvu yotseka malo kapena yosamutsa anthu, ndiponso pali chimene iyeyo kapena anthu ake angaluze ngati chenjezolo litaperekedwa. Chachitatuchi ndiye mtima wa nkhani yonse. Munthu wongotsutsa chabe, amene alibe chimene akuteteza, sali m'gulu limeneli.

Filimu ya Jaws, imene Steven Spielberg anatulutsa mu 1975, ndiyo inamuumba bwino kwambiri, ndipo ndi yoyenera kuiona pafupi. Larry Vaughn ndi meya wa Amity, kachilumba kamene chuma chake chonse chimadalira alendo odzasambira m'nyengo yotentha. Mtsikana wina akupezeka atafa m'mphepete mwa nyanja, dokotala woyeza mitembo akunena kuti wajiwa ndi shaki, nsomba yaikulu yolusa ya m'nyanja ya mchere, ndipo mkulu wa apolisi Martin Brody akufuna kutseka gombe. Vaughn sakukalipa. Akumufikira Brody mwaulemu, ali ndi dokotala yemwe uja amene tsopano wasintha mawu nkumati mwina mtsikanayo anagundidwa ndi boti, ndipo akumukumbutsa kuti tsiku la 4 Julaye, limene anthu a ku America amakondwerera ufulu wawo, layandikira. Kamnyamata kena kataphedwanso, gombe likutsekedwa kwa maola 24 okha. Asodzi atagwira shaki ina, katswiri Matt Hooper akupempha kuti aing'ambe pamimba kuti aone ngati ili yomweyo, koma meyayo akukana kuti zimenezo zichitikire pagulu. Chithunzi chimene chimamuonetsa bwino koposa ndi cha pa tsiku la chikondwererolo: gombe ladzaza, anthu angokhala pamchenga chifukwa cha mantha, ndipo Vaughn akuyenda pakati pawo atavala jekete, kenako akuwerama kwa bambo wina wachikulire amene akumudziwa nkumupempha kuti alowe m'madzi ndi banja lake kuti ena atengerepo. Bamboyo akudzuka monyinyirika, akugwira ana pamanja, akulowa. Palibe mfuti kapena chiwembu, koma mphindi imeneyo ndi yoopsa kuposa mano a nsombayo.

Spielberg sanamuyambe yekha munthuyu. Mu 1882 Henrik Ibsen wa ku Norway analemba sewero lotchedwa An Enemy of the People, m'mene dokotala Thomas Stockmann akupeza kuti madzi a malo osambira amene amabweretsa ndalama m'tawuni yake ndi oipitsidwa, ndipo amene akumutseka pakamwa ndi meya wa tawuniyo, Peter Stockmann, mbale wake weniweni. Ngati mukufuna kuonetsa ophunzira kuti mtengambali wa m'filimu ali ndi makolo ake m'sewero, chitsanzo ndi chimenecho.

Tikayamba kumugawa m'mitundu, woyamba ndi wamalonda amene phwando lake silingaime. Mu The Towering Inferno ya 1974, James Duncan wamanga nyumba yosanja ka 138 mumzinda wa San Francisco, ndipo usiku woitsegulira alendo olemekezeka akusangalala pansanjika ya 135 pamene moto wayamba pansanjika ya 81. Atauzidwa kuti atsitse alendowo, akuzengereza poganiza kuti moto wa pansi chotero sungawafike. M'filimu yomweyo muli mkamwini wake, Roger Simmons, amene anaika mawaya a magetsi otchipa kuti asunge ndalama, ndipo anthu ambiri amawasokoneza awiriwa. Simmons ndi woyambitsa ngozi, pamene Duncan ndi wochedwetsa chipulumutso, choncho dzina lathuli likuyenera Duncan yekha.

Wachiwiri ndi wandale, ndipo pa iyeyu sindichedwapo chifukwa kawirikawiri amalembedwa mwaulesi. Mu The Day After Tomorrow ya 2004, wachiwiri kwa pulezidenti Raymond Becker akutsutsa katswiri wa zanyengo Jack Hall pamsonkhano wa ku New Delhi ponena kuti kumvera chenjezo lake kuwononga chuma cha dziko. Becker alibe mbali ina imene tingamumvere chisoni. Anamuika pamenepo kuti oonera akhale ndi womukwiyira basi.

Apa ndiike chenjezo laling'ono lokhudza anthu amene anakhalapodi. Mu Titanic ya 1997, J. Bruce Ismay akuoneka akukakamiza woyendetsa sitima kuti awonjezere liwiro, kenako akulowa mwakachetechete m'bwato lopulumukira. Ismay anali mkulu weniweni wa kampani ya White Star Line, anapulumukadi mu 1912 pamene anthu pafupifupi 1,500 anafa, koma bungwe lofufuza la ku Britain silinamupeze wolakwa chifukwa chokwera bwatolo. Filimu ikafuna Bwana Tidikire imamupeza, ngakhale zitatanthauza kumusema munthu weniweni kuti akwane m'malo amene yamukonzera, ndipo ophunzira ayenera kudziwa kuti zimene aona si umboni wa mbiri.

Mtundu wachitatu ndi umene ndimauona kuti ndi wolemera kuposa yonse, ndiwo wa katswiri mnzake wa wochenjezayo. Mu Dante's Peak ya 1997, Harry Dalton, amene anaseweredwa ndi Pierce Brosnan, akuona zizindikiro zoti phiri limene lili pamwamba pa tawuni ina likhoza kuphulika, ndipo akufuna kuti khonsolo ichenjeze anthu. Amene akumuletsa si meya, pakuti meya Rachel Wando ali kumbali yake, koma bwana wake Paul Dreyfus, amene amawadziwa mapiri ngati mmene amawadziwira Dalton. Chifukwa chimene Dreyfus akupereka ndi chakuti anaonapo tawuni ina ikugwa pa zachuma chifukwa cha chenjezo la phiri limene silinaphulike, ndipo sakufuna kubwereza zimenezo popanda umboni wochokera m'zipangizo. Umboniwo utapezeka, madzi a m'mipope atayamba kutuluka oipa, iye akuvomera nthawi yomweyo, koma phirilo likuyamba kuphulika anthu ali pamsonkhano wowauza za kusamuka. Dreyfus si wadyera ndipo si mbuli. Mantha ake ali ndi maziko enieni: mu 1976 anthu oposa 70,000 anasamutsidwa pafupi ndi phiri la La Soufrière pachilumba cha Guadeloupe kwa miyezi ingapo, kuphulika kwakukulu kumene ankakuopa sikunachitike, ndipo akatswiri anakangana poyera kuti wolakwa anali ndani. Koma mantha a Dalton nawonso ali ndi maziko: pa 13 Novembala 1985 phiri la Nevado del Ruiz ku Colombia linaphulika, matope anakwirira tawuni ya Armero, anthu oposa 20,000 anafa, chikhalirecho mapu osonyeza kuti tawuniyo ili pangozi anali atatuluka mwezi wa Okutobala.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti mafilimuwa amatinyenga pang'ono. Ife oonera timakhala titaona kale chithunzi cha phiri likulavula moto pachikuto cha filimu, kotero kuti Dreyfus akamati tidikire, timadziwa kuti walakwa asanamalize nkomwe kuyankhula. M'nyumba zoonetsera vidiyo za pa Chitakale kapena pa Luchenza, bambo wa sutiyu akangoti pakamwa yasa, anyamata a pabenchi yakutsogolo amayamba kale kukuwa kuti ameneyu afa, ndipo amene amamasulira filimu m'Chichewa amamupatsa mawu onyada mwadala. Koma iye mwini sanaone chikutocho. Ali ngati mphunzitsi wamkulu amene wamva pawailesi kuti kukubwera namondwe sabata ya mayeso, ndipo ayenera kusankha lero ngati abweze ana kwawo, akudziwa kuti akawabweza mvula nkusagwa, makolo ndi mabwana ake adzamufunsa, ndipo ulendo wina akadzachenjezanso palibe adzamumvere. Mafilimu a ngozi oterewa sakamba za phiri limene silinaphulike, nchifukwa chake m'mafilimu Bwana Tidikire sanakhozepo ngakhale kamodzi.

Pali mtengambali wina amene ophunzira anu angamuike m'gululi molakwika, ndiye wachikulire wokana kusamuka. Mu Dante's Peak ndi gogo Ruth, amene akukana kuchoka m'nyumba yake ya m'phiri. M'moyo weniweni anali Harry R. Truman, bambo wa zaka 83 amene anakana kuchoka pafupi ndi phiri la St. Helens ku America ndipo anafa pamene linaphulika pa 18 Meyi 1980. Anthu otere alibe mphamvu yotseka gombe kapena yoimitsa phwando. Chimene akuika pachiswe ndi moyo wawo, ngakhale kuti nthawi zina amakokeramo ofuna kuwapulumutsa. Kusiyanitsa kumeneku nkofunika kwa ife a kuno ku Mulanje ndi Thyolo kuposa mmene kungakhalire kwa woonera wa ku London. Mu Marichi 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinasesa Phalombe, ndipo akuluakulu anati Napolo wadutsa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula kwa masiku angapo osaleka, matope anatsika m'mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi ku Soche mumzinda wa Blantyre, anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa ndipo ena oposa 500 anasowa. M'kalasi mwanu mukhoza kukhala mwana amene agogo ake anamva chenjezo pawailesi koma osachoka, chifukwa kunalibe kolowera, kapena chifukwa mbuzi ndi chimanga cha m'munda sizikanatheka kunyamulidwa usiku. Mwana ameneyo asatuluke m'kalasi akuganiza kuti agogo ake anali meya wa mu Jaws. Mwambi uja wakuti mtsinje wa Tinkanena unathira mu Siizi umakoma pakamwa pa amene anachenjeza, koma sufotokoza ngati wochenjezedwayo anali ndi kothawira.

Mwafunsanso chifukwa chake olemba satopa naye. Yankho lili m'kapangidwe ka nkhani. Moto, phiri ndi chigumula sizikhala ndi nkhope, siziyankhula, ndipo munthu sangakangane nazo, pamene sewero limayenda ndi mkangano wa anthu. Kuwonjezera apo, ngozi yeniyeniyo imadya ndalama zambiri kuijambula, choncho siingayambe pa mphindi yoyamba nkupitirira mpaka kumapeto. Bwana Tidikire amagwira ntchito ziwirizi nthawi imodzi: amapatsa ngwazi ya filimu munthu wolimbana naye m'theka loyamba, ndipo amaonetsetsa kuti anthu akhale adakali pagombe, paphwando kapena m'tawuni pamene ngoziyo ikufika. Mutamuchotsa, Brody akanatseka gombe tsiku loyamba, shaki ikanasowa womudya, ndipo filimuyo ikanatha anthu asanakhazikike pamipando.

Chomaliza choyenera kulemba pabolodi ndi mathero ake, chifukwa amaonetsa mmene wolemba akumuweruzira. Dreyfus akufa pamene mlatho umene akuwolokapo pa galimoto ukukokoloka ndi matope, ngakhale kuti mwa onsewa ndi iye amene anali ndi chifukwa chomveka. Duncan akupulumuka nkuona mitembo ya alendo ake. Becker akukhala pulezidenti ndipo akuvomereza kulakwa kwake pa wailesi yakanema ali ku Mexico, kumene anthu a dziko lake athawira. Vaughn akuoneka m'chipatala atasokonezeka, ndudu ili kumanja, akunena kuti ana ake nawonso anali pagombepo, kenako akusaina chikalata cholemba ntchito msodzi Quint kuti akaphe nsombayo pa mtengo wa madola 10,000. Mu Jaws 2, imene inatuluka mu 1978, Vaughn akadali meya wa Amity, ndipo amene khonsolo ikumuchotsa ntchito chifukwa choopseza alendo ndi Brody.