Zaka 3 kapena 4? Kusiyana kwa concurrent ndi consecutive

Mayi a ku Ngabu, mwandilembera kuti khoti la majisitireti lapeza mwana wanu wolakwa pa milandu iwiri: kuthyola nyumba, zaka 3, ndi kuba njinga m'nyumba momwemo, chaka chimodzi. Achibale awiri amene adali m'khotimo abwera akutsutsana, wina akuti adamva "concurrent", wina akuti "consecutive", ndiye mukufunsa ngati n'chimodzimodzi.

Ayi mayi, si chimodzimodzi. Mawuwa angofanana kamvekedwe basi. Concurrent ndiye kuti zilango zonse ziwiri zimayamba tsiku limodzi n'kumayendera pamodzi. Chaka cha njinga chija chimathera m'kati mwa zitatu zija, choncho mwanayo akhala zaka 3. Consecutive ndiye kutsatizana: amalize zitatu, kenako ayambe chinacho, zonse pamodzi zaka 4.

Milandu ikachitika pamalo amodzi nthawi imodzi, ngati iyiyi, makhoti athu kawirikawiri amalamula kuti zilango ziyendere pamodzi. Ine ndikukhulupirira kwambiri amene adamva concurrent. Komatu musadalire makutu a munthu. M'khoti modzaza, kutentha kwa kuchigwa kuno, womasulira akuthamanga, ngakhale ife maloya timaphonya mawu. Pitani kwa kalaliki wa khotilo akuwerengereni chimene majisitireti adalemba. Mwanayo nayenso angafunse akuluakulu a ndende, chifukwa chikalata chomutsekera chili nawo, ndipo ndi iwo amawerengera tsiku lotuluka. Mkaidi wosunga mwambo amamudulira gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye zaka 3 zimatsika kufika pa 2, pomwe zaka 4 zimatsika kufika pa zaka 2 ndi miyezi 8.

Zikapezeka kuti ndi consecutive, mwana wanu ali ndi ufulu wochita apilo ku Khoti Lalikulu ku Blantyre. Apa ndiye musachedwe: chidziwitso cha apilo chimaperekedwa polemba pasanathe masiku 10 chigamulire, ndipo atha kuchipereka kudzera kwa oyang'anira ndende. Masikuwo akadutsa, khoti limatha kulolabe ngati pali chifukwa chomveka. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau ilipo chifukwa cha anthu ngati inu.

Popita kwa kalaliki, tengani nambala ya mlandu ndi tsiku limene adaweruzidwa. Popanda zimenezi mungowononga ya minibasi.