Kadiresi ka ubatizo kakale, chonde musakathire Jik

Asisi ena okhala ku Scotland andilembera imelo sabata yatha, akuti apongozi awo awapatsa kadiresi ka ubatizo kosokedwa pamanja, ka nsalu ya linen komanso lesi m'mphepete, ndipo agogo a amuna awo anabatizidwira momwemo. Koma kachita chikasu, m'khosi muli timadontho ta bulauni. Ndiye akufunsa kuti akachape bwanji kuti kayere mbee, nanga mwana wawo angakavale?

Asisi, choyamba chotsani mumtima zoti kayere ngati yunifolomu ya mvano. Ife tinakula tikudziwa kuti choyera ndi Jik, kuchikicha kenako kuyanika padzuwa, koma ulusi wa zaka zambiri chonchi watopa kale, mukangotero lesiyo ithotholoka muli kuona ndipo palibe telala angaibwezere. Chikasucho si litsiro ayi, ndi ukalamba wa nsalu. Onani a banja lachifumu ku Britain, diresi yawo anasoketsa Mfumukazi Victoria mu 1841 ndi lesi ya m'tauni ya Honiton ku England, inavalidwa ndi ana 62 mpaka 2004, ndiye itafooka Angela Kelly, yemwe ankasamalira zovala za Mfumukazi Elizabeth II, anasoka ina yofanana nayo nkuinyika mu tiyi dala kuti mtundu ufanane ndi yakale ija. Anthu akuchita kuusaka mtundu umene inu mukufuna kuchotsawo.

Ngati kakununkha m'bokosi ndipo nsalu ikadali yolimba, yalani chinsalu choyera mu beseni, kagonekeni pamwamba, madzi ofunda pang'ono chabe ndi sopo wofewa wopanda bulichi, kasiyeni kanyowe, muzingosintha madzi mpaka atayera. Potulutsa nyamulani chinsalu chapansicho osati kadiresiko, chifukwa lesi ikanyowa imalemera nkudzing'amba yokha. Osafinya, osaika mu mashini. Kayaleni pa thaulo pamthunzi. Koma mukaona ulusi ukuduka mukangokhudza, musakanyowetse nkomwe, pitani nako kwa akatswiri osamala nsalu zakale.

Mwana avale ndithu, ine zimenezi zimandikhudza mtima, makamaka apongozi anu akadzamuona. Mumuveke kavesiti mkati, muyang'anitsitse timabatani ndi timaliboni kuti sitikugwedera poti khanda chilichonse ndi kukamwa, ndipo mumuveke mutafika kutchalitchi, mapemphero ndi zithunzi zikatha muvuleni asanayamwe, mkaka ndi dovu ndi zomwe zimasiya madontho a m'khosi aja.

Posunga osathira sitachi, imaitana tizilombo, komanso osaika mu jumbo ya pulasitiki. Kakulungeni mu pilokesi yoyera ya kotoni, muike m'kabati mouma. Mudzanditumizireko chithunzi cha tsikulo.