Kompyuta yakalamba, ndisinthe chani kaye?

Funso: Akulu, kompyuta yanga ndi ya 2014, RAM (posungira zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito) ndi 4GB, ikamayaka imachedwa mpaka kutopetsa. Ndalama ndili nazo zochepa, ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, yambani ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk) ya SATA (mtundu wa polumikizira pake), ya 256GB ikukwanirani, muikemo Windows ndipo muona nokha kuti makina ayamba kuthamanga chifukwa chimene chikukuchedwetsani kwambiri ndi hard disk yakaleyo, koma musaitaye, muzisungiramo zithunzi ndi nyimbo. Ndalama zikatsalako onjezerani RAM ifike 8GB, bola mutsegule kaye muwerenge zolembedwa pa kamtengo ka RAM kali mkatimo, makina ambiri a 2014 amafuna RAM ya mtundu wa DDR3 ndipo ya DDR4 singalowe olo mukakamize. Purosesa (ubongo wa kompyuta) isiyeni kaye, ingodya ndalama zanu.