Nyenyezi zikutuluka ngati mpunga: zatsopano za mu N.I.N.A. zingathandize?

Akulu, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi kamera ya Canon 600D, telesikopu ya 400mm ndi mount ya GoTo (chonyamulira telesikopu cha mota chimene chimaloza ndi kutsata nyenyezi chokha), mumajambulira kuseri kwa nyumba ku Chelston mu Lusaka, koma nyenyezi zikutuluka zazitali ngati mpunga m'malo mokhala timadontho. Ndiye mukufuna kudziwa ngati zatsopano zimene zikubwera mu mapulogalamu ojambulira nyenyezi a N.I.N.A. ndi SharpCap n'zothandizadi kapena n'zokometsera chabe.

Zina n'zokometsera, koma pali chimodzi chimene ife a kuno sitingachitire mwina: plate solving. Pulogalamu imajambula chithunzi chachifupi, n'kufanizira nyenyezi zimene yaona ndi mapu amene ili nawo, kenako n'kudziwa ndendende pamene telesikopu yaloza. Zina zonse zabwino zatsamira pamenepa.

Vuto lanu liyenera kuti layambira pa polar alignment, kutanthauza kulozetsa mount ku pole, malo amene thambo limazungulirapo. Lusaka ili pa madigiri 15.4 kummwera kwa equator, choncho malowo ali madigiri 15 okha kuchokera pachizimezime cha kummwera. Tambasulani mkono, kungani chibakera: chibakera chimodzi ndi theka, mwafika. Pamenepo ndi pamene pamakhala mpanda, mtengo wa mango ndi thanki ya madzi ya aneba. Anzathu a ku Ulaya ali ndi nyenyezi yowala ya Polaris pafupi ndi pole yawo, ife tili ndi Sigma Octantis ya magnitude 5.4, imene m'tauni simungaione ndi maso. Chida cha SharpCap cha polar alignment n'chabwino ndithu, koma chimafuna kuti kamera ione pafupi ndi pole, mosapitirira madigiri 5, komanso chili mu SharpCap Pro yolipira chaka ndi chaka. Ngati mpanda watchinga, ndalamayo yapita pachabe.

N.I.N.A. ndi yaulere, imayenda pa Windows, ndipo kuyambira version 2.0 ya mu 2022 imalola ma plugin. Pitani pa Plugins, sankhani Three Point Polar Alignment, ikani, tsekani pulogalamu n'kuitsegulanso. Iyi siifuna kuona pole. Imajambula malo atatu ikusuntha mount mu RA yokha (mbali imene mount imazungulira potsata nyenyezi), n'kuwerengera kuti mwaphonya ndi zingati mu altitude (m'mwamba kapena pansi) ndi mu azimuth (kumanja kapena kumanzere), ndipo manambala amasintha pa sikirini inu mukupotokola zomangira za mount. Lozani telesikopu m'mwamba ndithu, osati pafupi ndi madenga, ndipo malo atatuwo akhale mbali imodzi ya meridian, mzere wongoganizira wochokera kumpoto kupita kummwera kudzera pamutu panu. Potokolani pang'ono, chotsani dzanja, dikirani chithunzi chatsopano chibwere. Ambiri amaphonya pofulumira, n'kumangodutsa uku ndi uku. Mukatsika pansi pa ma arcminute awiri (digiri imodzi ili ndi ma arcminute 60), imani. Kulimbana ndi ziro n'kutaya usiku. Pomanga mabawuti pomaliza yang'aniraninso manambala, chifukwa kumangitsa kokhako kumasuntha mount.

Koma kuti zonsezi zigwire, pali zoyenera kukonza masana. Ikani ASTAP, pulogalamu yochita plate solving, pamodzi ndi database yake ya nyenyezi, monga D50. Ndi yaikulu, ya ma MB mazanamazana, ndiye koperani pamene pali Wi-Fi, osati pa bundle ya foni usiku muli kutchire. Mu Options lembani latitude -15.4, longitude 28.3, kutalika pafupifupi mamita 1,280. Kachizindikiro ka minus kameneko musakaiwale. Popanda iko pulogalamu imaganiza kuti muli ku Sudan, ndipo malangizo onse amatembenuka. Wotchi ya laputopu ikhale pa UTC+2 ndipo ikhale yolondola. Pixel ya 600D ndi ma micron 4.3, pa 400mm pixel iliyonse imaona ma arcsecond 2.2. Ngati mwaikapo reducer ya 0.8x, focal length yanu ndi 320, osati 400, ndipo mukasiya 400 ASTAP imachedwa kapena kulepheratu. Ikakana, musathamangire kuiimba mlandu: yambani mwaona focus ndi Bahtinov mask (chivindikiro cha mipata choika kutsogolo kwa telesikopu), kenako yesani masekondi 5 pa ISO 1600.

Pa kamerayo, ikani pa M ndi Bulb, RAW, zimitsani auto power off, mirror lockup ndi long exposure noise reduction. Yomalizayi imadya theka la usiku, chifukwa ikajambula mphindi imodzi imakhalanso mphindi ina ikujambula mdima. Pulogalamu ya Canon ya EOS Utility ikhale yotseka, apo ayi imagwira kamera N.I.N.A. n'kulephera kulumikiza. Chingwe cha USB chikhale chachifupi, chomangiriridwa pa mount kuti chisamakoke.

China chimene mabuku a kunja satchula kawirikawiri: pa madigiri 15, chitsulo cha counterweight chimalendewera pafupi kwambiri ndi mwendo wa tripod. Pa ma mount ambiri kamsomali ka azimuth kamasunthika. Kaikeni pakati pa miyendo iwiri kuti zolemera zidutse bwino, kapena pezani pier extension. Musanayatse, masulani ma clutch muzungulitse ndi manja muone pamene pagunde.

Mukakonza polar alignment nyenyezi n'kumatalikabe, onani mbali imene zikutalikira. Ngati zikuyenda pang'onopang'ono mbali imodzi, kumpoto kapena kummwera, alignment sinakhale. Ngati zikutalika kum'mawa ndi kumadzulo, zithunzi zina zabwino zina zoipa, amenewo ndi magiya a mount, periodic error, ndipo palibe plugin ingachotse. Popanda guiding (kakamera kachiwiri koyang'anira nyenyezi n'kumawongola mount), chithunzi chilichonse chikhale cha masekondi 30 mpaka 60. Mukadzagula guide scope ndi kakamera kake, pulogalamu ya guiding ya PHD2 kuyambira 2021 imatsata nyenyezi zingapo nthawi imodzi m'malo mwa imodzi, zimene zimachepetsa kuthamangitsana ndi kugwedezeka kwa mpweya. Kakamerako kazijambula masekondi 2 kapena 3.

Advanced Sequencer ya N.I.N.A., pamene mumandandalika zochita za usiku wonse, imaoneka yoopsa poyamba, koma mungofunika zinthu zochepa. Slew and center imabweretsa chinthu pakati pa chithunzi yokha. Dither after exposures, pakatha zithunzi ziwiri kapena zitatu, imasuntha telesikopu pang'ono kuti ma hot pixel asagwere malo amodzi. Kwa kamera yopanda choziziritsa ngati yanu, makamaka usiku wotentha wa Okutobala, imeneyi imachotsa timizere tamitundumitundu timene timaoneka mukasanjikiza zithunzi. Imatheka ngakhale mulibe guide camera, posankha kuti mount yokha ichite dither. Ndiye meridian flip, kutembenuzira telesikopu mbali ina ya mount chimene mukujambula chikadutsa meridian. Iyi musaisiye. Mu Juni ndi Julayi pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Lagoon Nebula, M8, imadutsa madigiri 9 okha kuchokera paliwombo. Telesikopu ikaima chilili choncho, kamera ili m'munsi imakagunda mwendo wa tripod mount ikapitirira meridian inu mutagona. Flip yoyamba muionerere muli pomwepo, dzanja lili pafupi ndi switchi.

Autofocus, ngakhale ya plugin ya Hocus Focus, imafuna mota pa focuser, ndiye pakali pano idutseni. Ingoyang'anani nambala ya HFR, yoyeza kukula kwa nyenyezi pa chithunzi: ikakwera ndi 10% usiku ukamazizira, bwererani ku Bahtinov. Chiwerengero cha nyenyezi chikatsika mwadzidzidzi HFR osasintha kwenikweni, walitsani tochi pa galasi. Mu Juni amakhala mame, ndipo mufunika dew heater. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa amakhala utsi wa moto wolusa ndi fumbi, ndipo pamenepo palibe chochita koma kujambula zapamwamba zokha.

Live stacking ya SharpCap, yosanjikiza zithunzi pamene zikujambulidwa, ndi yokoma poonetsa ana ndi alendo nebula ikutuluka pa sikirini, ndipo version 4.1 inawonjezera yosanjikiza mapulaneti pompopompo. Koma imayenda bwino ndi makamera a ZWO ndi ena otero, ndipo pa 400mm Jupiter ndi kakang'ono ngati njere ya mapira.

Za malaiti mukuzidziwa kale. Mount ikhale pa batire ya 12V, kamera pa dummy battery. Zikazima pakati pa usiku, zithunzi zojambulidwa kale sizitayika chifukwa chilichonse chimasungidwa pachokha. Bwezerani mount pa home ndi manja, yatsani, chitani slew and center, mupitirize. Polar alignment siyofunika kuibwereza pokhapokha ngati mwapunthwa pa tripod mumdimamo.