Puloti yanga ili pa mtaya wakale: kodi ndingaisumire khonsolo?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mudagula puloti ku khonsolo n'kumangapo nyumba, koma pokumba chitsime mwafukula mabatire akale, majekeseni, mapulasitiki ndi dothi lakuda lonunkha. Okhalitsa m'deralo akuti pamalopo padali mtaya wa zinyalala wa khonsolo yomweyo. Ana akutsegula m'mimba kawirikawiri, khoma lang'aluka, ndipo ku ofesi adakuyankhani kuti mtayawo udatsekedwa kalekale, malowo mudagula nokha. Mukufunsa ngati pali poyambira.

Poyambira palipo, koma musanamve za khoti, chitsimecho musiye kumwa lero. Mtaya ukatsekedwa sikuti watha. Mvula ikalowa m'zinyalala zokwiriridwa imatulutsa madzi akuda omwe amasefukira m'zitsime, atatenga tizilombo ndi mtovu wa m'mabatire. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma mtovu umatsala. Zowolazo zimatulutsanso mpweya woyaka, ndipo nthaka imatitimira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake makoma amang'aluka.

Mawu akuti "mudagula nokha" si opanda mphamvu konse ayi. Pa malamulo ogulitsana malo, wogula amayenera kudzifufuzira yekha, ndipo wogulitsa sakakamizidwa kuulula chilema chilichonse cha nthaka. Mukadagula kwa munthu wamba, mlandu wanu ukadakhala wopyapyala. Apa zasiyana chifukwa khonsolo yavala zipewa zitatu: ndiyo idataya zinyalalazo, ndiyo idadula mapuloti, ndiyonso lamulo lidaipatsa udindo woteteza umoyo wa anthu a m'dera lake.

Lamulo la Local Government Act la 1998 limapereka kwa makhonsolo ntchito yotola ndi kutaya zinyalala. Lamulo la Public Health Act, lakale ndithu la 1948 koma likugwirabe ntchito, limalamula khonsolo kuteteza dera lake ku chilichonse choika umoyo pachiswe, ndi kuchichotsa chikapezeka. Udindo umenewu sutha tsiku lomwe lole yomaliza yakhuthula zinyalala.

Chida chanu chakuthwa ndi lamulo losamalira chilengedwe la Environment Management Act la 2017. Gawo 4 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osadwalitsa, ndipo angapite ku khoti kukapempha kuti kuwononga kuleke, kapena kuti wowononga akonze malowo. Chokoma chake n'chakuti simukakamizidwa kuonetsa kuti inuyo mwavulala. Bola mlandu usakhale wachibwana. Lamulo lomweli lili ndi mfundo yakuti wowononga ndiye alipire, ndipo lidakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA lomwe lili ndi mphamvu zolamula aliyense, khonsolo yomwe, kukonza malo omwe waipitsa.

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ambiri amasokoneza. Kupempha khoti kuti lilamule khonsolo kuyeza nthaka, kukonza malo kapena kukubweretserani madzi abwino ndi mlandu umodzi. Kupempha chipukuta misozi chifukwa ana adwala ndi mlandu wina, ndipo ndi wolimba kwambiri. Loya wa khonsolo adzaimirira n'kunena kuti matenda otsegula m'mimba ali paliponse, mwina vuto ndi chimbudzi cha aneba anu. Woweruza sadzagamula potengera fungo. Adzafuna pepala loonetsa chomwe chili m'madzimo, komanso dokotala wonena kuti chimenecho ndicho chadwalitsa mwana.

Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akudziwa kuwawa kwake. Mgodi wa mtovu kumeneko udatsekedwa mu 1994, ndipo zoti ana ali ndi mtovu wambiri m'magazi palibe amatsutsa. Mlandu woimira amayi ndi ana pafupifupi 140,000 udakasumidwa ku khoti la ku Johannesburg, m'dziko la South Africa, mu 2020 motsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, koma mu December 2023 khotilo lidakana kuti upitirire ngati mlandu wa gulu, odandaula n'kuchita apilo. Mkangano waukulu udali wakuti wolakwa ndani pakati pa onse omwe adayendetsapo mgodiwo. Inu muli ndi mwayi chifukwa wotaya ndi wogulitsa ndi mmodzi.

Choncho yambani ndi umboni. Madzi akayezedwe ku labotale yovomerezeka, monga ya Malawi Bureau of Standards, ndipo potunga pakhale wa zaumoyo wa boma kuti mawa asadzati mudathiramo nokha. Zofukulidwazo muzijambule zili m'dzenje momwemo, osazigwira ndi manja. Mabuku a kuchipatala a ana, malisiti ndi kalata yokupatsani puloti zisungidwe bwino.

Kenako lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, ina ipite ku MEPA ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu. Pa kope lanu adinde chidindo cha tsiku. Zokambirana pakamwa ndi khansala n'zabwino, koma ku khoti sizilemera. M'kalatamo pemphani mapu ndi mafayilo a mtayawo pogwiritsa ntchito Access to Information Act, yopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo imawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Fayilo yoonetsa kuti adadula mapuloti akudziwa zomwe zili pansi ndiyo ingasinthe mlandu wonse.

Akakhala chete, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo otere kwaulere, ngakhale imatenga nthawi. Njira ina ndi High Court. Samalani ndi nthawi: kupempha khoti kuti liunikenso chiganizo cha khonsolo kumafunika kuchitika pasanathe miyezi itatu chiganizocho chiperekedwere. Mlandu wa kuvulala kapena kudwala uli ndi zaka zitatu, wa kuwonongeka kwa nyumba zaka 6. Kwa ana lamulo limafewako, komanso ngati khonsolo idabisa dala, loya angalimbikire kuti nthawi iyambire pomwe mudatulukira. Koma musadalire zimenezi.

Msonkho wa khonsolo ndi lendi ya malo pitirizani kulipira. Kukwiya n'komveka, koma mukasiya mwawapatsa nokha chokukwapulirani.

Ine ndikadakhala loya wanu, ndikadayamba ndi pempho loti malo ayezedwe ndi kuti mupatsidwe madzi abwino, ndipo ngati zotsatira zili zoipa, akupatseni puloti ina ndi mtengo wa nyumba. Chipukuta misozi cha matenda chibwere umboni ukakwana. Musapite nokha: mtaya sukhala pa puloti imodzi, ndiye sonkhanitsani aneba, musonkherane ndalama yoyezetsera zitsime zingapo. Ngati ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula zotsatira za madzi, kalata yodindidwa ija ndi mapepala a puloti.