Pekani wa ku Hartswater angabereke ku Dedza?

Mbale wathu wina amene amagwira ntchito pa famu ya pekani, mtengo waukulu wobereka mtedza, kufupi ndi Hartswater, ku South Africa, wandilembera imelo. Akuti ali ndi malo kumudzi ku Dedza, ndipo akufuna atengeko mbande za Wichita, mtundu womwe amakolola kuntchitoko, kuti akadzale kwawo. Funso lake ndi lakuti mitengoyo ikaberekadi.

Achimwene, ganizo lodzala ndalikonda, koma pa Wichita mtima wanga sukuvomera.

Kumene muliko, ku Northern Cape, mpweya ndi wouma ndipo madzi amabwera m'ngalande za mthirira wa Vaalharts. Mizu imamwa, masamba amakhala ouma. Wichita ndi mtundu wina wotchedwa Western Schley amakonda zimenezo, n'chifukwa chake akwanira dera lonselo. Kwathu mvula imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi yomwe mtedza uli wanthete, ndipo chinyezi chotero chimabweretsa matenda a scab. Amayamba ngati timadontho takuda pamasamba ndi pamakoko, kenako mtedza umafota n'kuyoyoka usanakhwime. Mitundu iwiriyi ndiyo imagwidwa msanga, ndipo mtengo ukatalika simungaupopere ndi sipuleya ya kumsana. Ine ndikanafunafuna Ukulinga, mtundu wa ku South Africa komweko umene amadzala m'madera a chinyezi, kapena Elliott wochokera ku Florida, wa mtedza waung'ono koma wopirira kwambiri ku scab.

Musadzale mtundu umodzi wokha. Pekani ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi pamtengo umodzi, koma sakhwima pamodzi, ndipo mungu umayenda ndi mphepo. Pawnee ndi Western Schley amayamba kutulutsa mungu maluwa aakazi asanakonzeke, pomwe pa Wichita, Choctaw ndi Elliott aakazi ndiwo amatsogola. Munda umafunika mbali zonse ziwiri. Wogulitsa mbande mumufunse za izi musanapereke ndalama.

Dedza yakukomerani pa kuzizira. Mtengowu kwawo ndi ku America, m'zigwa za mtsinje wa Mississippi mpaka ku Mexico, ndipo umafuna chisanu kuti uyoyole masamba, upume, kenako uphukire bwino. Ku Salima kapena ku Chikwawa sindikanakulimbikitsani n'komwe.

Gulani mbande zomezanitsa. Mtedza womwe mungabwere nawo m'thumba umera ndithu, koma mudzadikira zaka 10 kapena kuposa, ndipo sudzafanana ndi mtengo womwe unachokerako. Womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka 5 mpaka 7. Mbande sizidutsa pa Mwanza kapena pa Dedza popanda chilolezo cha Unduna wa Zaulimi, choncho yambani mwalankhula ndi a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe.

Kumbani kaye muone dothi. Muzu wapakati umalowa pansi kwambiri, ndipo ukakumana ndi thanthwe kapena madzi odikha mtengo umapinimbira. Talikitsani mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala. Pakatipo mutha kulima nyemba kapena soya mitengo ikadali yaing'ono. Masamba akamatuluka ang'onoang'ono, achikasu, ounjikana kunsonga, ndiye kuti mtengo ukusowa mchere wa zinc, wopopera pamasamba anthete.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Pekani amaphukira mu Seputembala ndi Okutobala, kwathu kuli gwa, inu muli ku Joni. Ngati palibe chitsime pafupi ndi munthu wokhulupirika wothirira ndi kuyang'anira chiswe ndi mbuzi, dikirani kaye. Zikakhalapo, yambani ndi mitengo yochepa ya mitundu itatu, muione kwa zaka zingapo, ndipo womwe wapirira mvula ya ku Dedza ndiwo mudzachulukitse.