Apongozi a ku Santiago ndi Chingerezi chimene chinatsalira m'kope

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku New York, ndipo anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Dominican Republic. Akuti apongozi ake aamuna, omwe anakulira ku Santiago de los Caballeros, amakonda kunena kuti m'zaka za m'ma 1970 anaphunzira Chingerezi ndi Chifalansa kusekondale. Koma akakhala pa chakudya, ngakhale kupempha mchere m'Chingerezi kumawakanika. Ndiye funso lake n'lakuti: "Kodi akungondiseweretsa, kapena sukulu zawozo zinali zotani?"

Achemwali, apongozi anu sakunama.

Chimene chimatisokoneza ife Amalawi n'chakuti kwathu kuno, mwana akafika Sitandade 5 amayamba kumva masamu, sayansi ndi zina zonse m'Chingerezi. Afune asafune, chilankhulocho chimamulowa m'makutu tsiku lonse. Ku Dominican Republic sizinali choncho. Phunziro lililonse linali m'Chisipanishi, ndipo Chingerezi chinali ngati mmene Chifalansa chilili m'sekondale zathu: mapiriyodi ochepa pa sabata, belu likalira nkhani yatha. Tangoganizirani anzanu amene anakhoza Chifalansa pa mayeso a Fomu 4. Ndi angati lero angagule nacho tomato pamsika wa ku Lubumbashi?

Zambiri za m'kalasi ndinazimva kwa mayi wina wachikulire wa kumeneko amene ndinagwirapo naye ntchito, yemwe anaphunzira pa sekondale ya boma, zimene iwo amazitcha liceo, m'nthawi ya Joaquín Balaguer, amene analamulira kuyambira 1966 mpaka 1978 asanadzabwererenso pambuyo pake. Nyumba imodzi ya sukulu inkalandira magulu osiyana, ena m'mawa, ena masana, ena usiku, moti mwana ankakhala m'kalasi maola anayi kapena kuposerako pang'ono. Mphunzitsi wa Chingerezi ankalowa, n'kudzaza bolodi ndi aneni, ana n'kumakopera. Kenako kulakatula onse pamodzi. Kenako kumasulira ziganizo kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chisipanishi. Mayiyu ankaseka mpaka misozi pokumbukira kuti chaka chilichonse ankayambira pa malo amodzimodzi, pa el verbo to be, kutanthauza mneni uja wa to be, ngati munthu wolima mzere umodzi wokhawokha dzinja lililonse. Mphunzitsi mwiniyo ankafotokoza zonse m'Chisipanishi, ndipo mawu a Chingerezi ankawatchula monga alembedwera, chifukwa nayenso anachiphunzira m'buku. Sindikumunyoza. Munthu amagawa chimene ali nacho m'nkhokwe. Mayeso ankafunsa galamala, iye ankaphunzitsa galamala, ana ankakhoza. Kutsegula pakamwa sikunali pa mayeso.

Chodabwitsa n'chakuti m'dziko lomwelo munali anthu otafuna Chingerezi chibadwire. Mu 1824, pamene chilumba chonse chimene pali dzikoli chinali m'manja mwa Haiti, pulezidenti wa Haiti Jean-Pierre Boyer anaitana anthu akuda omasuka a ku America, ndipo ena mwa iwo anakakhazikika ku Samaná. Zidzukulu zawo zinasunga Chingerezi m'nyumba ndi m'tchalitchi kwa mibadwo ingapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabweranso anthu ochokera ku zilumba zolamulidwa ndi Britain monga St Kitts, Nevis, Anguilla ndi Tortola, kudzagwira ntchito m'mafakitale a shuga a ku San Pedro de Macorís. Anawapatsa dzina loti cocolos, lomwe poyamba linali lachipongwe. Anthuwa anali ndi matchalitchi awo ndi timasukulu tawo. Mwana wa ku San Pedro akanatha kumva Chingerezi chamoyo kuseri kwa mpanda wa kwawo, koma m'kalasi ankauzidwa kuti chenicheni ndi cha pabolodi.

Amene ankafunadi kulankhula, ndipo makolo awo anali ndi kangachepe, ankapita kwina akaweruka. Ku Santo Domingo kunali Instituto Cultural Domínico-Americano, yomwe inakhazikitsidwa mu 1947, komanso Alianza Francesa ya ofuna Chifalansa. Ana a anthu olemera ndi a akazembe ankapita ku Carol Morgan School kumene zonse zinali m'Chingerezi. Enawo anachitola pawailesi, m'mahotela, kapena kwa achibale obwera kutchuthi kuchokera ku Washington Heights, dera la ku New York, poti wolamulira wankhanza Rafael Trujillo ataphedwa mu 1961, ndiponso nkhondo ya pachiweniweni ya 1965 itatha, anthu ambiri anakhamukira ku New York.

Koma nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Chifalansa. Munthu ungaganize kuti ankachiphunzitsa kuti ana azitha kucheza ndi anansi awo a ku Haiti, popeza mayiko awiriwa akugawana chilumba chimodzi. Ayi ndithu. Chinali Chifalansa cha ku Paris, cha ulemu ndi chapamwamba, chosonyeza kuti munthu ndi wophunzira. Chilankhulo chimene Ahaiti wamba amalankhula, Chikiliyo, chomwe chinkamveka tsiku ndi tsiku m'minda ya nzimbe ndi m'misika ya m'malire ngati wa ku Dajabón, sichinkaloledwa kuponda pakhomo la kalasi. Chifukwa chake chili m'mbiri. Mu Okutobala 1937 Trujillo analamula asilikali kuti aphe Ahaiti okhala m'madera a m'malire, ndipo anthu masauzande ambiri anaphedwa. Nkhani imene imakambidwa mpaka lero ndi yakuti asilikali ankauza munthu kuti atchule mawu oti perejil, dzina la katsamba kokometsera ndiwo, ndipo lilime likapunthwa pa "r" ankati ameneyu ndi Mhaiti. Apongozi anu analeredwa ndi anthu amene anaona zimenezi, kapena kuzimva monong'onezana. M'dziko limene amati katchulidwe ka liwu limodzi kanaphetsapo anthu, palibe kholo limene likanakondwa kumva mwana wake akuyeserera chilankhulo cha tsidya la malire.

Masiku ano zinthu zinasinthako. Mu 2005 boma linayambitsa pologalamu ya Inglés por Inmersión, imene imaika ophunzira a kuyunivesite m'kalasi la Chingerezi chokhachokha maola angapo tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Chinawakakamiza ndi ntchito: mahotela a ku Punta Cana ndi makampani oyankha mafoni a makasitomala a ku America safuna munthu wongodziwa kulakatula aneni.

Ndiye mukadzakhalanso nawo pansi, achemwali, musawafunse ngati amatha Chingerezi, mungawachititse manyazi pamaso pa mwana wawo. Afunseni kuti mlonda wa pageti amamutcha chiyani kwawoko. Adzakuuzani kuti guachimán. Galimoto yaikulu ya bwana ndi yipeta, malaya a kolala opanda mabatani ambiri ndi poloché, phala louma la m'mawa lothira mkaka lija ndi conflé. Mukawatchulira pang'onopang'ono mawu a Chingerezi amene mawuwa anachokerako, mudzaona nkhope yawo. Mayi ndinkagwira nawo ntchito uja anadzazindikira za guachimán ali kale ndi zidzukulu, ndipo anakhala tsiku lonse akungobwereza yekha: "watch man, watch man".